Wailesi Kuno, Moto Uko

Madala atamwalira, katundu wawo anagawidwa popanda wokweza mawu. Mipando, majekete, njinga yopanda tcheni, zonse zinapeza eni ake. Nkhani inavuta atatsegula kachipinda kakuseri momwe munali wailesi ya madalawo. Sinali wailesi yomvera nyimbo ayi. Inali ija yolankhulirana, yoti ukagwira maikolofoni n'kuitana, munthu wa dziko lina amakuyankha ngati waima kuseri kwa mpanda.

Ana anali awiri, mwamuna ndi mkazi, ndipo mayi awo sanafune kuti wina adzalire kuti anamupondereza. Anakhala pampando pakhomo pa kachipindako n'kulamula kuti chilichonse chizidutsa m'manja mwawo. Cholemera chinkapita kwa mwana wamwamuna, chonyezimira kwa wamkazi. Motero mwana wamkazi anatenga wailesi yeniyeniyo, ya mabatani ndi kagalasi kowala, pamodzi ndi maikolofoni ndi tizitsulo tina tosadziwika ntchito. Mwana wamwamuna anatenga bokosi la moto, chibokosi chakuda cholemera ngati injini ya chigayo, chimene chimasandutsa magetsi a pakhoma kukhala magetsi amene wailesi imadya. Anatenganso mlongoti, waya wa eriyo, ndi mpukutu wa chingwe chakuda chonenepa chochokera ku eriyo kupita ku wailesi.

Aliyense anati amayi agawa mwachilungamo. Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa kuti agawa ng'ombe yamoyo, wina pakamwa wina mimba, ndipo munthuyo anali mkamwini, wometa tsitsi uja anthu ankamuti Chipeso. Anatsegula pakamwa kuti afotokoze, koma mkazi wake anamuponda chala ndi chidendene cha nsapato, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire Chipeso anameza mawu.

Chipeso anali munthu woti ukakhala pampando wake wometera umatuluka tsitsi lachepa, makutu atatupa. Madala anamukondera chomwecho. Anabwera tsiku lina kudzametetsa ndevu, anamva mkamwini akulankhula osapuma, n'kuganiza kuti pakamwa potere pakungowonongeka pa anthu a mumsewu umodzi. Anamulowetsa m'kachipinda kaja, anamuphunzitsa mabatani, anamukakamiza kulemba mayeso mpaka anapeza laisensi ndi zilembo zakezake zoitanira pamphepo. Mwana wawo weniweni sanamuitaneko. Ameneyo anali mmisiri womanga nyumba, ankamuti Levulo potengera chida chake choonera ngati khoma lawongoka, munthu wolankhula ngati mawu amamupweteka pakhosi. Akalowa m'nyumba ya eni ake, asanapereke moni ankayamba wawongola kalendala yapakhoma.

Alamu awiriwa sankamwerana madzi. Chifukwa chimene chinkatchulidwa n'chakuti Chipeso anametapo Levulo kamodzi, nkhani itakoma, n'kumudula mzere wa pachipumi mopendekera ngati denga la khola. Levulo anavala chipewa mpaka tsitsi linamera, ndipo sanabwererekonso. Chifukwa china, cha kachipinda kaja, palibe ankachitchula. Tsoka lake n'lakuti madala anawamangira nyumba imodzi yaitali ya makomo awiri, khoma pakati, mlongo uku mlongo uko, mayi awo m'nyumba yakale kuseri. Wina akayetsemula mnzake ankamva.

Chipeso anaika wailesi patebulo pabalaza, n'kuuza mkazi wake kuti bokosi la alamu alibe nalo ntchito, munthu wanzeru amapeza njira. Anayamba ndi kabokosi ka moto ka TV yaing'ono ya kushopu. Anadula pulagi yake, analumikiza mawaya, n'kupachika kawaya pa chitsulo cha katani kuti kakhale eriyo. Kagalasi kanawala, wailesi inafwenthera, mawu a anthu akutali anayamba kumveka. Chipeso anavina pang'ono. Anatenga maikolofoni, anakonza pakhosi, anadina batani lolankhulira, ndipo wailesi inazima ngati aithira madzi. Atasiya batani inadzuka. Atadinanso inafanso. Apa ndiye anakumbukira zimene madala ankanena, kuti wailesi ikamamvera imadya ngati mwana wodwala, koma ikamalankhula imameza ngati anthu a pamaliro.

Anabwereka batire ya galimoto kwa kasitomala wina woyendetsa takisi. Moto unakwana, koma kamuvi ka pagalasi kanathamangira kofiira atangodina batani. Kamuvi kameneko madala ankakaopa kuposa njoka. Ankati kakafika kofiira ndiye kuti mphamvu imene ukutumiza kunja ikukana kutuluka, ikubwerera kudzawotcha matumbo a wailesi. Kawaya ka pakatani kankatha kumva, koma kutumiza mawu ayi. Chipeso anazula chingwe cha eriyo ya TV ya panyumba, anapeza kuti mutu wake sukulowa kumbuyo kwa wailesi, anaukulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya tiyi n'kuukanikizira momwemo. Kamuvi kanapita kofiira mwachangu kuposa poyamba. Batire nayo inadontha, n'kusiya bowo pa kapeti wa mkazi wake, ndipo tsiku lomwelo inatuluka m'nyumba mofulumira kuposa mmene inalowera.

Anabwerera ku kabokosi ka TV, kumva kokha. Lamlungu lililonse masana anzawo a madala ankakumana pamphepo, aliyense ali kwawo, kupatsana moni ndi kudandaula za mawondo. Chipeso ankawamva bwinobwino. Ankamva tcheya wa kalabu yawo, mkulu wina wa mluzu m'mano, akuitana zilembo zake, n'kudikira, n'kuitananso. Wina anati mwina mkamwini uja anagulitsa zida. Wina anati ayi, mwina mkazi anamulanda, amuna a masiku ano ndi ofewa. Chipeso ankayankha mokuwa, maikolofoni yakufa ili m'manja, mpaka mkazi wake ankasuzumira kuchokera kukhitchini kumufunsa ngati akufuna madzi akumwa.

Kenaka apongozi anaitanitsa ana awo ndi mkamwini. Anati kunabwera bambo wa mluzu m'mano, waulemu wake, anamwa tiyi, n'kuwakumbutsa mawu a malemu akuti zida zimenezi zisadzakhale zosungira fumbi. Ngati pabanja palibe wozigwiritsa ntchito, zipite kusukulu kumene kalabu imaphunzitsa ana. Iwo anamuyankha kuti mkamwini wawo alipo. Koma tsopano iwonso akukayika, chifukwa chigawireni sanamve wailesiyo ikulankhula, amangomva mkamwini akukuwa yekha.

"Lamlungu likubwerali ndibwera ndi mpando wanga," anatero. "Ikalankhula, ikhala. Ikapanda kulankhula, zonse zikwera galimoto ya bambo aja. Zonyezimira ndi zolemera zomwe."

Chipeso anayesa kunena kuti vuto ndi kagawidwe, koma apongozi anamuyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumufunsa ngati akunena kuti iwo anagawa molakwa. Anati ayi amayi, munagawa bwino kwambiri, mwina wailesiyo ndi imene sinamvetse.

Madzulo ake anagogoda kwa Levulo, khomo limene anali asanagogodepo chimeteni mutu uja. Bokosi la moto linali pashelefu pabalaza, lopukutidwa, litakhala pakatikati penipeni, kansalu koluka kali pamwamba.

"Alamu, bokosi ili likukuthandizani chiyani?"

"Likukhala."

"Likukhala basi?"

"Lili pamalo pake."

Chipeso anayamba ndi ulemu, anapitiriza ndi chisoni, anamaliza ndi sayansi. Levulo anamvetsera zonse akuyang'ana kolala ya malaya a mlamu wake, imene inapindika mbali imodzi. Pomaliza anati mlongoti ndi chingwe atenge, n'zapanja, zikumudyera malo. Koma bokosi ndi chinthu chokhacho cha m'kachipinda kaja chimene chinalowa m'nyumba mwake, ndipo silidzadutsa pakhomo pake iye ali moyo. Chipeso anabwerera kwake n'kuuza mkazi wake kuti basi, wailesi ndi imene isamuke, azikalankhulira kwa alamu. Mkaziyo anaika supuni pansi. Anati achimwene akewo amawadziwa kuyambira ali ana, chinthu chikalowa kwawo chimapatsidwa malo ndi kansalu, sichibwerako. Wailesi ya bambo ake siituluka.

Ndiye zinthu zinaima potere: bokosi silituluka, wailesi siituluka, Lamlungu likubwera.

Chipeso sanali munthu wogona ndi vuto. Anabwereranso kwa mlamu wake n'kumufunsa ngati moto nawonso uli ndi chiletso chodutsa pakhomo, kapena ndi bokosi lokha. Levulo anaganiza nthawi yaitali, n'kunena kuti waya atha kutulukira pawindo, bola asakhudze penti. Chipeso anagula waya wamagetsi wopyapyala uja wa mababu, anamutulutsa pawindo la alamu, anamuzungulitsa kuseri kwa nyumba, pamwamba pa thanki, pansi pa chingwe choyanikira zovala, n'kudzalowa pawindo lake. Mlongoti anaumangirira ku mpanda mongoyembekezera, anakoka waya wa eriyo mpaka ku mtengo wa peyala. Chingwe chonenepa chija chinakana kulowa kumbuyo kwa wailesi, mutu wake unali wa mtundu wina. Anatukwana pang'ono, kenaka anakumbukira kachitsulo kolumikizira kamene madala ankamangira pakati. Anakapeza m'kabati ya magalasi, mkazi wake atakaimika pakati pa makapu a alendo, poti kanali konyezimira.

Anakuwira Levulo kuti ayatse. Wailesi inawala. Anadina batani, kamuvi kanakhala phee kobiriwira. Koma atangoti "Moni," kagalasi kanaphethira, wailesi inazima n'kudzukanso yokha ngati munthu wogona m'tchalitchi. Anasintha fyuzi. Anamenya maikolofoni pachikhatho. Anamasula mawaya n'kuwamanganso. Anaimba mlandu bokosi, kuti alamu alipukuta mpaka lafooka. Nthawi iliyonse akalankhula motsitsa wailesi inkapirira, akakweza mawu inkakomoka. Ndipo Chipeso wolankhula motsitsa anali asanabadwe.

Potuluka kukaona ngati waya waduka, anamugwira pafupi ndi thanki n'kupeza kuti ndi wofunda. Anaima pomwepo. Moto unkathera m'njira, unkafika ku wailesi utatopa. Anakumbukira waya amene madala ankagwiritsa ntchito, wofiira ndi wakuda, wonenepa ngati chala, wamfupi ngati mkono. Wayayo analipo, anali m'katoni ya zonyezimira. Koma kuti afike, bokosi ndi wailesi zinayenera kukhala moyandikana ngati mwamuna ndi mkazi pa chithunzi cha ukwati.

Analowa m'nyumba n'kuyang'ana khoma. Shelefu ya alamu inali kuseri kwake, pomwepo penipeni.

Chipeso anapita kukamufotokozera, koma Levulo atangomva mawu akuti bowo anaimirira. Khoma limenelo analipaka pulasitala ndi manja ake, madala akuyang'ana, ndipo linali khoma lokhalo m'tauni yonse limene ankalikhulupirira. Anati ayi. Chipeso anati kabowo kakang'ono, kolowa zala ziwiri. Anati ayi. Chipeso anati ndiye bokosi lanu likwera galimoto ya bambo wa mluzu. Levulo anati likakwera likwera, koma khoma likhala lathunthu, n'kutsegula chitseko kuti mlamu wake aone njira.

Loweruka m'mawa Chipeso sanatsegule shopu. Anabwereka hamala ndi chizulo kwa neba, anatola kathabwa kuseri, anasuntha tebulo. Mkazi wake anamufunsa ngati wapenga. Iye anamutsinzinira diso, anagoneka kathabwako pakhoma, n'kukamenya ndi hamala. Nyumba yonse inanjenjemera, koma khoma silinakandike n'komwe. Anamenyanso. Kenaka anayamba kulankhula ndi mawu ake a kushopu, aja omveka tsidya la msewu.

Anauza mkazi wake kuti mbali ino ya khoma ndi yawo, palibe angawaletse. Anati tepi yoyezera safuna, diso lake ndi lokwanira, ndi diso lomweli amametera anthu. Anati bowo likatulukira pamwamba pang'ono kapena pambali palibe kanthu, adzabowola lina, mabowo atatu kapena anayi limodzi lidzalondola. Anamenyanso kathabwa. Mkazi wake, amene poyamba anagwira pakamwa, anayamba kuikonda nkhaniyo. Anafunsa mokweza ngati mng'alu umene ukutsikawo unalipo kale. Chipeso anati usadandaule, tidzamatapo ndi sopo.

Chitseko chinatseguka popanda kugogoda. Levulo anaima pakhomo, dirilo kudzanja ili, levulo kudzanja ilo, pensulo kukhutu, akupuma ngati wathamanga mtunda wautali pamene anangozungulira khonde.

"Chokani."

"Alamu, musavutike, ndatsala pang'ono."

"Chokani pakhoma langa."

Anafika pakhoma, anasisita ndi chikhatho, anayang'ana pamwamba ndi pansi. Panalibe mng'alu, panalibe ngakhale kachizindikiro. Anayang'ana kathabwa kali m'manja mwa Chipeso, kodzaza mabala a hamala. Anayang'ana mlongo wake, amene mwadzidzidzi anapeza chochita ndi makatani. Chipeso anadikira kuti munthu atembenuke azipita. Koma Levulo anali atanyamula kale zida, ndipo ankadziwa kuti akachoka, tsiku lina kathabwa sikadzakhalapo. Anachotsa pensulo kukhutu.

Anayeza kuchokera pansi, anayeza kuchokera pakona, anazungulira kwake kukayezanso, anabwerera. Anayala nyuzipepala pansi kuti fumbi lisagwere pa kapeti wobowoka kale. Anabowola kamodzi. Bowo linatulukira kumbuyo kwa bokosi ngati linabadwira pomwepo. Analowetsamo kapaipi kapulasitiki, anamata m'mbali, anapukuta ndi chala chonyowa. Chipeso anayesa kuyamikira, koma anauzidwa kuti agwire tochi n'kutseka pakamwa.

Potuluka Levulo anaona mlongoti uli womangirira ku mpanda ndi nsanza, utaweramira kwa aneba ngati woledzera. Apa Chipeso sanachite dala, umenewo unali luso lake lenileni. Levulo anapuma mozama, anakatenga fosholo ndi simenti yotsala, ndipo dzuwa lisanapendeke mlongoti unaima chilili ngati msilikali.

Polumikiza waya wamfupi uja ndi pamene Chipeso anatuluka thukuta. Iye anali mbali ino, Levulo mbali iyo, akulankhulana kudzera pabowo. Chipeso anamuuza kuti wofiira apite pa chofiira, wakuda pa chakuda, akasemphanitsa wailesi ipsa nthawi yomweyo ndipo sipadzakhalanso chokanganirana. Anabwereza katatu. Kuchokera kubowo kunabwera mawu akuti iye si wometa, sasemphanitsa mbali. Switchi inalira kuti thapu kuseri kwa khoma, wailesi inawala. Chipeso anadina batani, anatchula zilembo zake mokweza mmene amathera, ndipo kagalasi sikanaphethire. Panalibe woyankha nthawi imeneyo, koma iye anapsompsona maikolofoni.

Lamlungu masana apongozi anafika ndi mpando wawo monga ananenera, ngakhale m'nyumbamo munali mipando. Anakhala pafupi ndi tebulo, chikwama pamiyendo. Anaona bowo, n'kuyang'ana mwana wawo wamkazi. Levulo anakana kubwera, anati amvera kwake.

Madala a pamphepo anayamba kupatsana moni. Tcheya anaitana zilembo za Chipeso mwamwambo chabe, ngati munthu wogogoda panyumba imene akudziwa kuti eni ake anasamuka. Chipeso anadina batani n'kuyankha. Onse anafuna kulankhula nthawi imodzi. Tcheya anati mawu akumveka oyera ngati a malemu, mwina kuposa. Apongozi anatsegula chikwama, anatulutsa kampango, anapukuta magalasi amene sanali akuda.

Apa munthu wanzeru akanathokoza, n'kupereka mpata kwa ena. Koma Chipeso anali ndi mawu a miyezi yambiri atadzaza m'mimba. Tcheya atafunsa kuti zinatheka bwanji, iye anakhala bwino pampando. Anafotokoza za kabokosi ka TV, za batire, za waya wofunda. Anati zonsezi anazitulukira yekha, popanda womuthandiza, poti anthu ena pabanja pano zida amaziona ngati maluwa, amaziveka tinsalu. Anati mlongoti anauimika yekha ndi diso. Anati khoma analibowola yekha kamodzi n'kamodzi, amisiri ena akungoyang'ana, ndipo anali atayamba kunena kuti umisiri womanga nyumba ndi ntchito yoti munthu aliyense wa manja awiri, pamene kuseri kwa khoma kunalira kuti thapu.

Kagalasi kanada.

"Yafa?" anafunsa apongozi.

"Ayi amayi, ikupuma."

"Ya malemu sinkapuma."

Apongozi anatseka chikwama, ndipo m'maganizo mwake Chipeso anaona galimoto ya bambo wa mluzu ikubwerera chambuyo kulowa pageti. Anagwada pansi, anakankhira waya pambali, anaika pakamwa pabowo. Anayamba monong'ona, kuti alamu, mwina chigongono chanu chagunda switchi mwangozi. Anati alamu, zija zinali nthabwala za pamphepo, anthu a mawailesi timacheza choncho. Wailesi inakhalabe yakufa. Mkazi wake anaima pakhomo la kukhitchini atapinda manja, nkhope ikuoneka ya munthu amene akuonera filimu yabwino.

"Alamu, amayi akunyamuka."

"Wabowola ndani?" anafunsa mawu a kubowo.

"Inu."

"Mlongoti?"

"Inunso."

"Musandiuze ine. Ndikudziwa kale."

Switchi inalira, wailesi inadzuka. Madala a pamphepo anali akufunsana ngati mkamwini wapsa. Chipeso anatchula zilembo zake, akadali chogwada, n'kunena kuti pali kukonza pang'ono pa zimene ananena. Anati bowo anabowola ndi mwana wa malemu, mmisiri weniweni, ndipo mlongoti anaimika ndi yemweyo. Iye anagwira tochi. Anaonjeza kuti tochiyo anaigwira bwino kwambiri, koma atamva chala chikukhudza switchi kuseri, anasiyira pomwepo.

Tcheya anadabwa. Anati sankadziwa kuti malemu anali ndi mwana wamwamuna wokonda zimenezi, ndipo ngati ali pafupi apereke moni, malamulo amalola bola wa laisensi ali pomwepo. Chipeso anauza bowo kuti akukufunani. Bowo linati silibwera. Maikolofoni inali yaikulu, sikanalowa m'kapaipi. Ndiye Chipeso anaigunditsa pabowo n'kudina batani, nkhope atayang'ana kumbali ngati munthu wogwirira mnzake galasi.

Kenaka Levulo anati, "Moni nonse. Bokosi la bambo lili bwino. Ndimalipukuta."

Anathera pomwepo. Koma madala aja anamuyankha mmodzimmodzi, aliyense ndi kankhani kake ka malemu, wina za tsiku limene anagwa pa mlongoti, wina za mmene ankadzitamira kuti nyumba ya ana ake inamangidwa ndi mwana wake yemwe, khoma lake loti ungayezere dziko. Chipeso anafuna kulowererapo, poti nkhani ya kugwa pa mlongoti ankaidziwa bwino kuposa wofotokozayo, koma anangokweza voliyumu n'kusendeza wailesi kufupi ndi bowo. Patapita nthawi kuseri kunamveka munthu akumina.

Apongozi anaimirira, anapinda mpando wawo. Anati amva, yalankhula, ikhala. Anati bambo wa mluzu akabweranso adzamwa tiyi n'kubwerera chimanjamanja. Ndipo anaonjeza, akuyang'ana mkamwini pamwamba pa magalasi, kuti tsopano aliyense waona kuti iwo anagawa bwino, poti akanapereka zonse kwa munthu mmodzi, dziko lonse likanasowa pothawira.

Chipeso anawaperekeza mpaka pakhonde, mpando uli m'manja, akuvomereza chilichonse. Pobwerera anapeza mkazi wake atagwada pabowo, akunong'onezana ndi mlongo wake. Anangomva mbali yomaliza. Mkaziyo ankafunsa ngati zingatheke kukoka waya wina kuchokera ku switchi ija kukafika kukhitchini, pafupi ndi sinki, pamalo poti munthu angafikire ngakhale manja ali ndi sopo.

"Zitheka," linatero bowo. "Ndibwera mawa."